Musanagule chingwe china cha ma IEM anu, yambani mwayang'ana kabowo

Chingwe choyamba chomwe ndinagula padera chinafika chokongola zedi, cholukidwa bwinobwino, chonyezimira, pulagi yake yolemera m'manja, koma kuti chilowe m'ma IEM anga, timahedifoni tija tolowa m'khutu, ayi ndithu chinakana. Ndinakankha, ndikupumira, ndikukankhanso, mpaka pini imodzi inapindika ine ndikuona, ndipo vuto silinali la wogulitsa ayi, linali langa, chifukwa ndinatha masiku ndikuwerenga za siliva ndi kopa koma sindinatenge olo miniti imodzi kuyang'ana kabowo kolowetsa chingwe pa ma IEM angawo. Nde apa ndikufuna tiyambire komwe ine ndinathera, chifukwa anthu ambiri akamasankha chingwe amayambira kumapeto, pa nkhani ya chitsulo chomwe chili mkati, pomwe zinthu zomwe zingakulizeni ndi ziwiri zakumapeto kwa chingwecho, kokalowa ku khutu ndi kokalowa ku chipangizo choimbira.

Koma musanatulutse ndalama, mwatsimikiza kuti chafa ndi chingwe? Ngati mbali imodzi ikudukiza kapena yasiyiratu, zulani pa chingwe timitu tonse tiwiri tolowa m'khutu musinthanitse, kakumanja mukaike pa waya wakumanzere, kakumanzere pa wakumanja. Vuto likatsalira pa waya yemweyo ndiye kuti chingwe chapitadi, koma likasamuka limodzi ndi kamutu, pepani, chingwe chatsopano sichikuthandizani, nkhani ili mu soketi kapena mkati mwa IEM momwemo. Ndipo ngati mbali imodzi ikungomveka motsika osati kudukiza, yambani mwachotsa karabala ka kunsonga muyang'ane kasefa, nthawi zambiri ndi phula la m'khutu lomwe latseka basi, zochititsa manyazi koma zoona.

Tsopano kabowo. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri, MMCX ndi 2-pin, ndipo kusiyanitsa kwake ndi kosavuta: MMCX ndi kozungulira, kali ndi kapini kamodzi pakati, kamalowa ndi kaphokoso koti thapu ndipo kakalowa kamutu kamatha kuzungulira, ndi kamene mumakapeza pa Shure SE215, SE535, SE846 komanso ma Campfire Audio ambiri. 2-pin ndi timapini tiwiri toyandikana tolowa m'timabowo tiwiri, sikazungulira, ndipo ndi kamene kali pa ma IEM ambiri masiku ano monga a 64 Audio, Moondrop, Empire Ears ndi ena ambirimbiri. Mpaka apa zili bho. Chisokonezo chimayamba pamene mwazindikira kuti dzina limodzi lomwelo likubisa zinthu zosiyana.

Tiyambe ndi 2-pin poti ndi imene inandipweteka ine. Yodziwika kwambiri mapini ake ndi onenepa 0.78 mm, koma iliponso ya 0.75 mm yomwe inali pa ma Ultimate Ears akale ngati TripleFi 10 komanso pa ma KZ ambiri. Kusiyana kwa 0.03 mm ndi maso simungakuone, koma soketi imakumva. Mukaika pini ya 0.75 mu soketi ya 0.78 imakhala yokhwepa, mukangopotoloza khosi kamutu kagwa pansi, ndipo mukakakamiza ya 0.78 mu soketi ya 0.75 imalowa ndithu koma yakulitsa kabowo, tsiku lomwe mudzafune kubwezeretsa chingwe choyambirira chija mudzapeza sichikugwiranso. Nde kenako pali nkhani ya kakhalidwe ka soketiyo. Ina ili pamwamba, yafulati, yolingana ndi thupi la IEM, ina ndi yolowa mkati ngati kadzenje, makamaka pa ma IEM opangidwa motengera khutu la mwini wake. Soketi yolowa mkati imafuna chingwe chokhala ndi kakhosi kapulasitiki kotalikirapo komwe kamalowa m'kadzenjeko mapini asanayambe. Chingwe chokhala ndi kakhosika mutha kuchiika pa soketi yafulati, chimagwira ntchito, kungoti chimatulukira kunja pang'ono ndipo mukachigunda mapini savuta kupindika, koma chingwe chopanda kakhosi pa soketi yolowa mkati ndiye sichifika n'komwe, ndi zomwe zinandichitikira ine zija. Tengani tochi ya foni muunike kabowoko, ndi ntchito ya masekondi khumi.

Pali kenanso kofanana ndi 2-pin koma kosiyana, komwe anthu amangokatchula kuti QDC potengera kampani ya qdc. Apa soketi ndi imene imatulukira kunja ndipo chingwe chimabwera ndi kachipewa kovindikira soketiyo. Ma KZ ambiri atsopano amaoneka choncho, koma chenjerani chifukwa pa ma qdc enieni plus ndi minus zinatembenuzidwa poyerekeza ndi 2-pin wamba, nde musamangoona kachipewa n'kuganiza kuti zonse ndi chimodzimodzi, funsani wogulitsa kuti chingwecho anachilumikizira mtundu uti wa IEM.

MMCX nayonso ili ndi misampha yake. Pa Sennheiser IE 300, IE 600 ndi IE 900 ndi MMCX ndithu koma inakhala mkati mwa kadzenje kopapatiza, moti zingwe zambiri za MMCX wamba sizifika pogwira, mumayenera kufuna cholembedwa kuti ndi cha ma IE amenewo. Pa Etymotic ER4SR ndi ER4XR pali kadzino komwe kamaletsa kamutu kuzungulira. Ndipo pali makampani omwe anangopanga zawozawo: Audio-Technica ili ndi A2DC yomwe imaoneka ngati MMCX koma si MMCX, mukakakamiza mwaononga, Ultimate Ears yatsopano ili ndi IPX, Westone pa ma MACH inapita ku T2, JH Audio inali ndi ya mapini anayi yokhala ndi kochepetsera kapena kuonjezera bezi pa chingwe pomwepo, FitEar ili ndi 2-pin yakeyake yonenepa, ndiye palinso Pentaconn Ear yomwe mumaipeza pa ma Acoustune. Sikuti muloweze zonsezi ayi, chomwe ndikunena n'chakuti pezani dzina lenileni la IEM yanu, muwerenge pa bokosi kapena pa webusaiti ya opanga kuti kolumikizira kake ndi kati, ndipo mukamagula pa intaneti yerekezani chithunzi cha pafupi cha chingwe chomwe mukufunacho ndi chingwe chanu chakale mutachigwira m'manja. Alipo ma adaputala osinthira MMCX kupita ku 2-pin kapena kubwerera, amagwira, koma amatalikitsa kamutu ndipo chingwe chimayamba kukhala moimirira pamwamba pa khutu, ine sindiwakonda. Kwa munthu yemwe ali ndi ma IEM angapo osiyana mabowo, zingwe za Effect Audio zokhala ndi ConX zimalola kumasula kolumikizira n'kuikapo kena, zimenezo ndiye zanzeru kuposa adaputala.

Tipite kumapeto enawo, ku pulagi. 3.5 mm ndi ija tonse timaidziwa, imalowa paliponse, pa laputopu, pa kaadaputala ka USB-C komwe amati dongle, pa foni zomwe zikadali ndi kabowo. 2.5 mm ndi 4.4 mm ndi za balanced, kutanthauza kuti khutu lililonse lili ndi mawaya ake awiri a plus ndi minus osagawana ndi linzake. 2.5 mm inatchuka ndi ma player a Astell&Kern koma ndi yowonda, kungokhalira player ili m'thumba la kumbuyo pulagi yathyokera mkati. 4.4 mm, yomwe ambiri amaitchula Pentaconn, inakhazikitsidwa ndi bungwe la JEITA ku Japan mu 2016, Sony n'kuyamba kuiika pa ma Walkman ake apamwamba, ndipo pano ndi imene yalanda malo, moti ngati mukugula chingwe cha balanced lero ndipo chipangizo chanu chili ndi mabowo onse awiri, tengani 4.4 osacheuka.

Apa pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani muchisunge, chifukwa chikhoza kuotcha chipangizo chodula. Chingwe cha balanced mutha kuchiika adaputala n'kuchilowetsa mu kabowo ka 3.5 mm wamba, palibe vuto. Koma chingwe cha 3.5 mm wamba musachiike adaputala yopita ku kabowo ka balanced ka 4.4 kapena 2.5, olo adaputalayo ikugulitsidwa, olo wina akuuzeni kuti iye amatero. Mu pulagi ya 3.5 mm ma minus a makutu awiri analumikizidwa pamodzi, pomwe ku balanced minus iliyonse ili ndi ampu yake yomwe ikukankha magetsi, nde mukazigunditsa ndiye kuti mwachita shoti ma ampu awiri. Ena amapulumuka poti chipangizo chili ndi chitetezo, ena amangomva kafungo.

Kodi balanced imamveka bwino kuposa wamba? Chomwe imakupatsani motsimikizika ndi mphamvu yochulukirapo pa zipangizo zambiri, ndipo ma IEM ambiri safuna mphamvu yambiri chonchonso, ena osachedwa kumva ngati Campfire Andromeda mukawaika pa balanced mumayamba kumva ka sssss kumbuyo nyimbo ikakhala chete. Nde ngati voliyumu yanu pa 3.5 simufika nayo olo theka, musadzivute. Ngati simukudziwa kuti chaka chamawa mudzakhala mukuimbira pa chani, gulani chingwe cha mapulagi osinthika, ngati Q-Lock ya DUNU, chimabwera ndi 3.5 ndi 4.4 m'bokosi limodzi, pena ndi 2.5 yomwe, mumangozula n'kuika ina, ndipo mkati mwake chinalumikizidwa kale mwa balanced nde palibe za shoti zija. Ofuna maikolofoni yoyankhulira pa foni dziwani kuti imayendera 3.5 ya mizere itatu kapena USB-C, pa 4.4 kulibe.

Kabowo ndi pulagi zikatheka, chotsatira kwa ine si chitsulo, ndi momwe chingwecho chikhalire pa thupi, poti ichi ndi chinthu chomwe muzichivala maola atatu anayi. Zingwe zonenepa za mawaya 8 kapena 16 pa chithunzi zimaoneka za mabwana, koma muzivale muone, kulemera kwake kumakoka kamutu, karabala kamayamba kusuntha m'khutu, mpweya n'kulowa, bezi yonse n'kuthawa, nde mwalipira ndalama zambiri kuti mumve zoipa kuposa kale. Ovala magalasi ndiye ayi, pamwamba pa khutu palibe malo a mwendo wa magalasi ndi chingwe chonenepa ngati chala. Cha mawaya 4 chofewa chimakwanira pa ma IEM pafupifupi onse. Yang'ananinso kokoleka pa khutu: zina zili ndi kapulasitiki kopindidwa kale, zina zili ndi kawaya kolimba mkati komwe mumapinda nokha ngati zingwe za Shure, zina zilibe chilichonse. Kapulasitiki kopindidwa kale kakakhala kuti sikakugwirizana ndi khutu lanu mutha kukatenthetsa pang'ono ndi choumitsira tsitsi n'kukapinda momwe mukufunira kenako kukasiya kazizire, pang'ono ndati, osati mpaka kusungunula. Ndipo pa 2-pin onetsetsani mbali yomwe kapulasitikiko kapindikira, chifukwa ma IEM ovala chingwe cholendewera pansi safuna kokoleka n'komwe.

Palinso phokoso lija lomwe chingwe chimabweretsa chikamakhuza malaya, mukuyenda inu mukungomva khwee khwee m'mutu, azungu ake a nkhanizi amati microphonics. Zingwe zolimba ndi zokutidwa nsalu ndi zimene zimavuta kwambiri, zofewa zodutsa pamwamba pa khutu sizivuta, ndipo kamkanda kosendeza kaja kokhwimitsira pansi pa chibwano kamathandiza zedi, nde onani ngati kalipo komanso ngati kamagwira, tina timangotsetsereka tokha. Ngati pali mwayi wochigwira musanagule, chikulungeni pa zala zinayi n'kuchisiya pa tebulo, chabwino chimangogona, choipa chimadzuka n'kukhala chopindikapindika. Kutalika kwa zambiri ndi 1.2 m, n'kokwanira foni ili m'thumba, koma a pa desiki mwina mufune chotalikirapo. Thukuta ndi mafuta a pakhungu zimaumitsa pulasitiki wa zingwe zina pakapita nthawi, makamaka pamene pamakhudza khutu ndi khosi, ndipo za pulasitiki woonekera mkati kopa amayamba kubiriwira. Kubiriwirako kumanyansa m'maso koma nyimbo zimamveka chimodzimodzi, musataye chingwe chifukwa cha icho chokha.

Chabwino, tifike pomwe pamayambira ndewu. Mukatsegula tsamba la malonda mupeza OFC, OCC, kopa wokutidwa siliva, siliva weniweni, golide, palladium, litz, mayina ambirimbiri, ndipo pansi pake akulonjezani kuti siliva amatsegula mawu a pamwamba, kopa amatenthetsa bezi, zinazina. OFC ndi kopa wochotsedwa okosijeni, OCC ndi njira youmbira kopa yomwe anaitulukira Atsumi Ohno wa ku Chiba Institute of Technology m'ma 1980, litz ndi timawaya tating'onoting'ono tokutidwa kalikonse payekha. Zonsezi ndi zinthu zenizeni. Koma siliva amaposa kopa podutsitsa magetsi ndi 6 peresenti chabe kapena kuchepera, ndipo golide, olo ali wodula, amadutsitsa moperewera kuposa kopa, ntchito yake yeniyeni ndi pa pulagi poti sachita dzimbiri. 6 peresenti imeneyo mungaipeze pongonenepetsa waya wa kopa pang'ono. Nde ine maganizo anga ndi akuti mtundu wa chitsulo pawokha si umene mukumva, ndipo ndikudziwa ena mundikwiyira, palibe kanthu.

Chomwe chimasinthadi kamvekedwe, chomwe chimayezeka, ndi resistance ya chingwe, kutanthauza momwe waya amakanizira magetsi kudutsa, yomwe imayezedwa mu ma ohm, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa chifukwa ndi pomwe nkhani ya ma IEM odula imasiyanirana ndi mahedifoni wamba. Waya wa 26 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya) ali ndi pafupifupi 0.13 ohm pa mita, nde chingwe cha 1.2 m, kupita ndi kubwerera, chimakhala cha m'ma 0.3 ohm. Nambala ya AWG ikamakwera waya akuonda, 28 ndi woonda kuposa 26, 24 ndi wonenepa, ndipo zingwe zina zoonda kwambiri kapena za maikolofoni zimatha kudutsa 1 ohm. Pa IEM ya dynamic driver imodzi, kutanthauza kasipika kamodzi kawamba mkati, zimenezi sizisintha kanthu kupatula voliyumu pang'ono, poti impedance yake, yomwe ili ngati resistance ya IEM yeniyeniyo, imakhala pafupifupi yofanana kuyambira ku bezi mpaka kumwamba. Koma ma IEM a timasipika tambiri ta mtundu wa balanced armature mkati, okhala ndi crossover yogawa mawu pakati pa timasipikato, impedance yawo ndi yotsika komanso imakwera ndi kutsika malinga ndi mawu, SE846 ndi 9 ohm, Andromeda yoyambirira ndi 12.8 ohm, manambala onsewo pa 1 kHz pokha. Mukaonjezera resistance patsogolo pa IEM yotere, magetsi amagawanika mosiyana, pomwe impedance yatsika mawu amatsika kwambiri kuposa pomwe yakwera, nde bezi ndi mawu a pamwamba zimasinthana mulingo. Ndiye munthu akati ndasintha chingwe Andromeda yanga yasintha, sikuti akunama, mwina wachoka pa chingwe cha 1 ohm kupita pa cha 0.2, kungoti akuyamika siliva pomwe ntchito yagwiridwa ndi kunenepa kwa waya. Lamulo lomwe anthu amagwiritsa ntchito ndi lakuti output impedance, yomwe ndi resistance ya potulukira mawu pa chipangizo, kuphatikiza ya chingwe isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a impedance ya IEM, pa 9 ohm ndiye kuti cha m'ma 1.1 ohm basi. Ndipo dziwani kuti opanga anaichuna IEM yanu ndi chingwe chake choyambirira, nde ngati mumaikonda momwe imamvekera, funani chingwe cha resistance yoyandikira chimenecho, multimeter, chida choyezera magetsi chija, ingakuuzeni, bola muyambe mwagunditsa timitengo take tiwiri muone nambala yake yokha kuti muichotsere.

Mukafuna kudziyesa nokha ngati mukumvadi kusiyana, samalani voliyumu, chifukwa khutu limanamizika mosavuta, chomwe chakwera pang'ono chabe chimamveka ngati chabwino, chotseguka, champhamvu. Ndi chifukwa chake kuchoka pa 3.5 kupita pa 4.4 kumamveka ngati mwagula IEM yatsopano, pomwe mwangokweza. Uzani mnzanu akusinthireni zingwe inu mutatembenuka, kangapo, mulembe zomwe mukuganiza. Ine nditachita zimenezi ndi zingwe ziwiri pa IEM ya dynamic ndinangokhala chete kkkk. Kugula chingwe chifukwa chakukongolerani kapena chifukwa ndi chofewa si tchimo, ndalama ndi zanu, koma ngati cholinga ndi kusintha kamvekedwe yambani ndi timarabala ta kunsonga kapena EQ yokwezera ndi kutsitsira bezi ndi mawu a pamwamba pa chipangizo, zimenezo zimasuntha mawu kuposa chingwe chilichonse.

Chingwe chafika, tsopano kuika. Chofiira kapena cholembedwa R ndi chakumanja, chabuluu kapena L ndi chakumanzere. MMCX ndi yosavuta, lunjikitsani n'kukankha mpaka thapu, ndipo pochotsa gwirani pa chitsulo osati pa waya, kokani molunjika, ngati yalimba lowetsani zikhadabo pa mpata kapena gwiritsani kachida kapulasitiki kochotsera komwe makampani ena amaika m'bokosi. Musazolowere kuzula tsiku ndi tsiku, MMCX inapangidwa kuti ipirire maulendo ngati 500, ikakhwepa imayamba kudukiza mukatembenuza mutu, ndipo pena ikayamba kukanda ndi litsiro chabe, kadontho ka spiriti wotsukira wa isopropyl pa kathonje kamathetsa. 2-pin imafuna mtima wodekha, onetsetsani kuti mapini onse awiri ali pakamwa pa mabowo musanakankhe, kankhani molunjika osapotokola, ndipo ikakana musalimbane nayo ngati ine, itulutseni muone chifukwa chake.

Vuto la 2-pin ndi lakuti imalola kulowa mbali zonse ziwiri, nde mutha kutembenuza plus ndi minus osadziwa. Pa zingwe zokhala ndi kokoleka kopindidwa kale kupindikako kumakutsogolerani, pa zina pamakhala kadontho kapena kamzera pa kakhosi, chofunika n'chakuti kakhale koloza kofanana ku makutu onse awiri. Mukatembenuza konse kuwiri mwina simungamve kanthu, koma mukatembenuza kumodzi kokha mumva zachilendo, bezi imaonda ndipo mawu a woimba m'malo mokhala pakatikati pa mutu amamwazika ngati akuchokera kumbali zonse, ena mpaka amamva ngati chizungulire. Ikani nyimbo ya munthu mmodzi akuimba kapena podikasiti, tsekani maso, ngati simukutha kuloza pomwe munthuyo waima zulani mbali imodzi yokha, itembenuzeni, mumverenso.